Mmene ndinakulitsira injini ya Honda CG125 yakale kufika pa 149cc

Njinga yamoto yomwe ndimayendera ndi Honda CG125 ya kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ya magiya anayi, magetsi a 6 volts, yoliza ndi phazi basi. Inali ya malume anga omwe anali mlangizi wa zaulimi, ndipo iwo atapuma pantchito inakhala pakhonde zaka zambiri nkhuku zikugonapo, mpaka ine ndinaipempha. Panopa injini yake ndi ya 149cc. Anyamata a kabaza akaiona ikukwera chitunda itanyamula anthu awiri ndi thumba kumbuyo amandifunsa kuti, "Madala, mwaithira chiyani imeneyi?" Pamsewu yankho limakhala lalifupi, ndiye pano ndifotokoze zonse bwinobwino, makamaka kwa inu amene muli ndi njinga yakale ndipo mukuganiza zochita zomwezi.

Ndimakhala ku Dedza, koma kwawo kwa mayi a kunyumba ndi kumunsi, cha ku Mtakataka. Popita palibe vuto, n'kutsetsereka kokhakokha. Nkhani ili pobwerera, pokwera msewu wokhotakhota wa Khwekhwelere kuchokera ku Golomoti. Kunyanja kuja muli pa mamita osakwana 600 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, pomwe Dedza ali pafupifupi mamita 1,600. Tikakwera awiri, n'kumangirira mpunga kapena usipa pakaliyala, njinga inkangolira m'giya yachiwiri, penanso yoyamba, injini itatentha mpaka kumveka fungo la oyilo. Chimene ndinkafuna ine n'chakuti izikoka pamtunda.

Ndikunena zimenezi poyambirira chifukwa ambiri amakhumudwira pomwepa. Mukawonjezera ma cc, omwe ndi muyezo wa kukula kwa injini, ndi 20 pa 100 iliyonse, liwiro siliwonjezeka chimodzimodzi. Chimene chimaimitsa njinga ikathamanga kwambiri ndi mphepo, ndipo mphamvu yofunika kuti muboole mphepoyo imakwera mofulumira kuposa liwirolo. Ngakhale mphamvu itakweradi ndi 20 pa 100, pa liwiro mupindulapo mwina 6 pa 100 yokha. Ndipo mphamvuyo siikwera yonse, poti mavalavu, kabuleta ndi ekizozi zikadali za 125. Chimene mumapeza ndi kukoka kwa pansi ndi pakati: njinga imanyamuka mosavuta ndi katundu, ndipo chitunda chomwe munkasinthira giya mumakwera osasintha. Ngati cholinga chanu n'kupikisana ndi anyamata pa M1, sungani ndalama zanu.

Makaniko amene anandithandiza ndi bambo wachikulire, wa gulu lija linaphunzirira ntchito pa njinga za alangizi ndi za ansembe. Nditawauza zoti ndikufuna 150 anangoti, "Achimwene, 125 yanuyo mwaionapo ikugwira yonse?" Anakana kukhudza silinda tisanakonze zina. Mavalavu anali atathina, tinawabwezera pa 0.08mm injini ili yozizira. Mapointi, tizitsulo tija timatseguka kuti pulagi ipereke moto, anali atadyeka, tinaika ena n'kusiya mpata wa pakati pa 0.3 ndi 0.4mm, kenako n'kuonetsetsa kuti akutseguka chizindikiro cha F cha pa fulaiwilo chikafika pamalo pake. Siponji ya mu eyakilina inali itasanduka dothi. Tcheni chinali chouma, buleki yakumbuyo inkagwira pang'ono nthawi zonse, ndipo mu ekizozi munali mwaye wa zaka zambiri. Zimenezi zokha zinasintha njinga kwambiri moti ndinayenda nayo choncho nyengo yonse yadzinja. Anthu ambiri amene amati njinga yawo ndi yaing'ono, vuto si kuchepa kwa injini, koma kuti mphamvu yomwe inabadwa nayo inatayikira m'tizinthu totere. Yambirani pamenepo. Mukakulitsa injini yodwala, matenda aja amangokula nawo.

Ndi bwinonso kudziwa chifukwa chimene injiniyi anaipangira mmene ilili. M'chaka cha 1974 a Honda anatumiza anthu awo kukaona mmene njinga zimagwirira ntchito m'mayiko monga Thailand, Indonesia, Philippines ndi Pakistan. Anakapeza anthu akukwera banja lonse panjinga imodzi, akuyenda m'fumbi, osasintha oyilo mpaka atada bii. Injini zomwe kamu yake, chitsulo chotsegula mavalavu, ili pamwamba zinkadyeka msanga m'moyo wotere. N'chifukwa chake CG125, yomwe inatuluka mu 1975, ili ndi kamu yake pansi, pafupi ndi oyilo, ya chotupa chimodzi chokha chomwe chimakankha mavalavu onse awiri kudzera m'timitengo tiwiri tachitsulo, mapushirodi. Si injini ya mpikisano. Anaipanga kuti izipirira nkhanza, ndipo anaisiyira malo opumira. Mukaikulitsa mukudya malo opumirawo, ndiye chisamaliro chomwe inkakhululuka kale, tsopano siikhululukanso.

Masamu ake ndi osavuta. Pisitoni ya CG125 ndi ya 56.5mm m'mimba mwake, ndipo imayenda 49.5mm kukwera ndi kutsika. Zimenezi zimapereka 124cc. Njira zokulitsira zilipo zitatu.

Yoyamba ndi yomwe amakaniko amachita silinda ikatha: kuiboola pang'ono n'kuikamo pisitoni ya ovasaizi. Masaizi ake ndi 0.25, 0.50, 0.75 ndi 1.00mm. Anthu amanyadira kuti "ndaika ovasaizi", koma ngakhale mutafika pa 1.00mm mwangofika pa 128cc kapena 129cc. Mphamvu yomwe mumamva pambuyo pake ndi ya kompuresheni yomwe yabwerera, osati ya kukula. Imeneyi ndi njira yochiritsira, ndipo ndi yabwino ndithu ngati mukufuna njinga ikhale mmene inatulukira kufakitale.

Ina ndi yosintha kiranki kuti pisitoni iziyenda mtunda wautali, monga zilili pa injini za 200 zomwe pisitoni yake imayenda kupitirira 62mm. Imeneyi imafuna silinda yaitali, mabawuti aatali, mapushirodi ena, ndipo mukamamaliza mwawononga ndalama zogulira injini yathunthu. Sindinaiganizire kawiri.

Yomwe ndinatsata ndi yapakati: kuchotsa silinda ndi pisitoni ya 125 n'kuika za 62mm, kiranki n'kukhala yomweyo. 62mm pa 49.5mm ndi 149cc. Mwayi wathu ndi wakuti njinga zambiri za ku China zomwe zadzaza pakabaza zili ndi injini zotengera CG yomweyi. Mukaona panambala ya injini palembedwa 156FMI kapena 157FMI, imeneyo ndi ya 125. 162FMJ ndi ya 150. Choncho silinda, pisitoni, maringi ndi magasiketi a 150 amapezeka m'mashopu a zipangizo za njinga pafupifupi pa boma lililonse, ngakhale m'misika ya m'malire monga Lizulu. Vuto ndi lakuti "kutengera" si kufanana ndendende, ndipo wogulitsa aliyense amakuuzani kuti zilowa.

Musapite kushopu chimanjamanja. Masulani silinda yakale, pisitoni ndi pini yake, mupite nazo. Pini ya yanga ndi ya 15mm, koma ziliponso za 13mm, ndipo pisitoni ya pini ina siingagwire pa konirodi yanu, chitsulo cholumikiza pisitoni ndi kiranki. Imikani masilinda awiriwo pathebulo limodzi muone ngati kutalika kwake kukufanana, ngati mabowo a mabawuti akugwirizana, ndiponso ngati malo okhala timikono totsatira kamu, pansi pa silinda, ali chimodzimodzi. Lowetsani pini imodzi m'mapisitoni onse awiri muone ngati mitu yake ikulekezera pamodzi. Ine ndinabweza silinda imodzi pomwepo chifukwa m'kati mwake munali timabowo ta chitsulo chosasungunuka bwino, tooneka ukaunika ndi tochi ya foni. Wogulitsa anati, "Bwana, zimenezo maringi adzasalaza." Sadzasalaza.

Chimene chinatiimitsa kwenikweni ndi siliva, chitsulo chozungulira chija chimatulukira pansi pa silinda n'kulowa m'kamwa mwa injini. Ya 150 ndi yonenepa, ndipo pa injini yanga inakana kulowa. Inkatsala pang'ono kwambiri, moti mnyamata wina wothandiza pagalaja anati tingopala ndi fayilo injini ili pomwepo, titatseka ndi sanza. Bambo aja anamuyang'ana osayankha. Tinagawa injini pakati, kuchotsa kiranki, magiya ndi mabering'i onse, kumanganso zigamba ziwirizo zopanda kanthu m'kati, n'kupita nazo kwa anthu a makina ku Lilongwe kuti akakuze kamwalo mozungulira bwino. Zifukwa zake ndi ziwiri. Tinyenyeswa ta aluminiyamu tikagwera m'kati timakathera mu pampu ya oyilo ndi m'mabering'i. Komanso bowo lopala pamanja silikhala pakati, ndipo pafupi pomwepo pali mabawuti ndi njira ya oyilo, malo oti mukadya kwambiri simungabwezeretse.

Kugawa injini kuja kunatithandizanso kuona zomwe sitikanaona. CG ilibe fyuluta ya pepala. Ili ndi kasefa kawaya pansi, ndi kachibekete kozungulira kumapeto kwa kiranki, mbali ya kilatchi, komwe kamaponyera zinyalala m'mbali injini ikamazungulira. Titatsegula kanga tinapezamo phala lakuda lolimba, lochita kukokota ndi sikuludiraiva, mwina la chiyambire nthawi ya malume. Tinagwiranso konirodi n'kuikoka m'mwamba ndi pansi. Kugwedera cham'mbali pang'ono n'kololedwa, koma m'mwamba ndi pansi isamveke mpang'ono pomwe. Yanga inkamveka kakugogoda kakang'ono, ndiye tinasintha konirodi ndi bering'i yake. Pisitoni ya 62mm ndi yolemera kuposa yakale ndipo imamenyedwa mwamphamvu. Bering'i yotopa yomwe ikanayenda chaka china pa 125, pa 150 siimaliza mwezi.

Tsopano nkhani ya kompuresheni, yomwe ambiri saiganizira. CG125 imafinya mpweya pafupifupi ka 9. Ndiye kuti kachipinda ka m'hedi (mutu wa injini), pisitoni ikafika pamwamba, ndi ka 15cc ndi theka kapena cha pomwepo. Mukasiya hedi ya 125 pamwamba pa silinda ya 149cc, kachipindako osasintha, kufinyako kumakwera kudutsa pa 10 ndi theka. Zimenezi zimawonjezera mphamvu, inde, koma zimawonjezeranso kutentha, ndipo injini yozizira ndi mphepo ikamakwera phiri pang'onopang'ono ilibe kothawira. Imayamba kulira ngati mwaponyamo timisomali mukatsegula mafuta, ndipo kulira kumeneko ndiko kumaboola pisitoni. Palinso china: kachipinda ka hedi ya 125 ndi kopapatiza kuposa pisitoni yatsopano, ndiye m'mphepete mwa pisitoni mumayang'anizana ndi chitsulo chafulati cha hedi.

Mmene tinayezera ndi motere. Tinadula tizidutswa ta waya wofewa wa soda, uja amawotcherera mawailesi, n'kutimata ndi girisi pamwamba pa pisitoni, kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali, tina pamalo oyang'anizana ndi mavalavu. Tinamanga hedi ndi gasiketi yake, kuzungulitsa injini ndi dzanja pang'onopang'ono, n'kumasulanso. Waya uja anatuluka ataphwanyika, ndipo kunenepa kwa pophwanyikapo ndiwo mpata womwe ulipo. M'mphepete munali mothina kusiyana ndi milimita imodzi, zomwe bambo aja sanakondwe nazo, poti chitsulo chikatentha chimafutukuka ndipo konirodi imatamuka injini ikathamanga. Tinapita ndi hedi kwa amakina aja kuti akasendeko m'mphepete mwa kachipindako mopendekera mpaka pa 62mm, ndipo pansi pa silinda tinaikapo gasiketi yokhuthalako. Njira yachidule ndi kugula hedi ya 150 yathunthu. Ine ndinafuna kusunga hedi ya Honda chifukwa chitsulo chake ndi chabwino ndipo mavalavu ake anali asanathe. Gasiketi ya hedi ikhale ya 150. Ya 125 imalowerera m'kati mwa silinda n'kupsa.

Pomanga pali tizinthu tomwe timaoneka tachabe. Ringi iliyonse muyambe mwailowetsa yokha m'silinda, kuikankha ndi pisitoni kuti ikhale mowongoka, n'kuyeza mpata wa pamene nsonga zake zakumana. Pa 62mm uzikhala cha m'ma 0.25mm. Imodzi mwa zanga inali yotsekeka ndithu, tinachita kuipala nsonga ndi fayilo yosalala. Ikanalowa choncho, ikanafutukuka ndi kutentha n'kukanda silinda yatsopano tsiku loyamba. Mipata ya maringi isayang'ane mbali imodzi. Chizindikiro cha IN papisitoni chiyang'ane kukabuleta. Timakilipu ta pini tikhale tatsopano, ndipo poika tsekani kamwa la injini ndi nsalu. Silikoni musapake ngati mukumata nyumba, chifukwa oyilo wopita kumutu amakwera m'kanjira kakang'ono ndipo silikoni wotuluka m'mbali amakatseka. Injini italira koyamba tinatsegula chivundikiro cha pamwamba kuti tione ndi maso oyilo akufika pa marokala, timikono tokankha mavalavu.

Kabuleta ndiyo inatenga nthawi yaitali kuposa zonse. Silinda yaikulu imakoka mpweya wambiri, ndipo mafuta ayenera kutsatira. Kuno kwathu pali zinthu ziwiri zomwe buku la njinga silinena. Choyamba, petulo wathu amasakaniza ndi ethanol wochokera ku nzimbe, chiyambire 1982 pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba. Ethanol amathandiza kuti injini ya kompuresheni yokwera isalire timisomali tija, koma amafuna kuti alowe wochulukirapo kuti moto ukhale woyenera. Jeti, kabowo kodutsa mafuta m'kabuleta, yomwe anaiyezera petulo weniweni ku Japan imakhala yochepa pang'ono pa petulo wathu. Chachiwiri ndi mapiri. Ku Dedza mpweya ndi wopepuka, kunyanja ndi wolemera. Njinga yomwe mwaitchuna bwino pa Dedza, ikatsikira ku Golomoti imapezeka kuti mpweya wachuluka, mafuta achepa, ndipo kumeneko n'kotentha kale. Choncho ine ndinaitchunira kumunsi, n'kulola kuti kumtunda izidya mafuta ochulukirako pang'ono.

Choopsa cha injini yoperewera mafuta n'chakuti imakoma. Imayankha msanga, imalira mowongoka, mwini wake n'kumati ndapeza njinga. Paja mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Musakhulupirire khutu, funsani pulagi. Ikani pulagi yatsopano, yanga ndi NGK D8EA, thamangani pamalo okwera mafuta ali otsegula, kenako gwirani kilatchi n'kuzimitsa injini nthawi yomweyo osaisiya ilire payokha. Masulani pulagi muone. Ikayera mbuu, mafuta akuchepa, kwezani jeti. Ikada ndi mwaye wouma, achuluka. Yofunika ndi yofiirira. Ine ndinayamba ndi jeti yaikulu dala n'kumatsika, ndipo ndinakweza singano ya kabuleta ndi kampata kamodzi. Ena amangogula kabuleta ya PZ27 ya njinga za 150, ndipo imagwira. Ya PZ30 ndi yaikulu kwambiri pa injini imeneyi: njinga imatsamwa mukatsegula mafuta mwadzidzidzi, n'kutaya kukoka kwa pansi komwe munavutikira. Eyakilina musachotse. Fumbi la mwezi wa October limatha maringi msanga kuposa china chilichonse.

Makilomita 500 oyambirira ndinayenda ndekha, wopanda katundu, ndikusinthasintha liwiro, osaikakamiza m'giya yaikulu komanso osailiritsa mpaka kumapeto. Oyilo ndinataya msanga, ndipo anatuluka akunyezimira tizitsulo, zomwe n'zoyembekezeka. Kenako tinamanganso mabawuti a hedi n'kuyezanso mavalavu. Injiniyi imanyamula oyilo pafupifupi lita imodzi yokha, ndipo ndi yemweyo amene akuziziritsa pisitoni, kufewetsa magiya ndi kunyowetsa kilatchi. Panopa ndimasintha pa makilomita 1,000 aliwonse. Ndimathira 20W-50 wa njinga zamoto, wolembedwa JASO MA pabotolo. Oyilo wina wa galimoto ali ndi mankhwala oterera omwe amachititsa kilatchi kutsetsereka.

Kilatchi inatsetserekabe, pokwera ndi katundu m'giya yachitatu: injini kukwera mawu, njinga osawonjezera liwiro. Masipuling'i ake anali a zaka makumi anayi. Titaika mapuleti ndi masipuling'i atsopano zinatha. Pambuyo pake ndinasintha sipuroketi yakutsogolo kuchoka pa mano 14 kufika pa 15, zomwe zimatsitsa kuzungulira kwa injini ndi 7 pa 100 pa liwiro lomwelo. Apa ndi pamene phindu la 149cc linaonekera bwino. Pamsewu wosalala injini siikuwanso, manja sachita dzanzi, ndipo pa Khwekhwelere malo ambiri omwe ndinkakwera m'giya yachiwiri tsopano ndimakwera m'yachitatu tili awiri. Mafuta ikudya mochulukirako pang'ono m'tauni, koma paulendo wautali kusiyana kwake n'kochepa poti sindikuikakamiza. Liwiro la pamapeto langosuntha pang'ono, monga masamu aja ananenera. Poliza ndi phazi imalimba kuposa kale, ndipo ikabweza imapweteka.

Mabuleki ndiwo sanakule. Ndi a dilamu kutsogolo ndi kumbuyo, opangidwira njinga ya mphamvu ya mahatchi 11 (horsepower) ya mu 1975. Ndinaika mashuzi atsopano ndi kebulo yatsopano, ndipo potsika phiri ndimagwiritsa giya, osadalira buleki yokha, chifukwa dilamu ikatentha imasiya kugwira pamene mukuifunitsitsa. Onaninso masipoko, mabering'i a mawilo ndi matayala. Tayala lakale lingakhale ndi mapanga onse koma litauma ngati chikopa.

Za mapepala musazinyalanyaze. Laisensi ya A1 imalekezera pa 125cc. Kupitirira apo pamafunika ya A. Buku la njinga limanenanso kukula kwa injini, ndiye kadziwitseni a Road Traffic ndi a inshuwalansi za kusinthaku. Wapolisi pamsewu sangaone kusiyana kwa silinda, koma pakachitika ngozi n'kupezeka kuti njinga si yomwe inalembedwa, mlandu umakukhalirani inu. Ubwino wosintha silinda yokha ndi wakuti nambala ya injini imakhala yomweyo, poti ili pa chigamba chapansi.

Zonse ndafotokozazi ndi za CG ndi abale ake a 4-stroke. Amene muli ndi Yamaha AG100 kapena DT125 musazitengere, chifukwa pa 2-stroke mphamvu imadalira kwambiri mabowo a m'silinda ndi kapangidwe ka ekizozi, ndipo kulakwitsa jeti kumachititsa pisitoni kukanirira m'silinda msanga koposa. Ndipo ngati CG yanu ndi yosakhudzidwa, utoto ndi zonse zili za kufakitale, ndipo simunyamula katundu m'mapiri, ine ndingati ingoikani ovasaizi muisiye. Kamwa la injini mukalikuza silibwerera. Silinda ya 125 imatha kukhalaponso, ndiye yanga yakale pamodzi ndi pisitoni yake ndinaipaka girisi n'kuisunga m'katoni, koma wodziwa njinga akadzatsegula adzaona kuti munadutsa makina, ndipo pamtengo adzakudulani.